Chiyamiko ndi Duku Lakuda la Amayi

Chiyamiko ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona amayi ake akuseka.

Bambo ake anamwalira m'nyengo yozizira. Anthu anabwera kunyumba kwawo ku Barking, kutsidya kwa nyanja. Anaimba. Anadya. Anamwa tiyi yense. Kenako anabwerera kwawo. M'nyumba munangoti zii.

Amayi anavala duku lakuda. Kuntchito, duku lakuda. Kutchalitchi, duku lakuda. Kogula buledi, duku lomwelo.

Chiyamiko anavina m'khitchini. Amayi sanaseke. Chiyamiko anavala poto kumutu. Amayi sanaseke.

Asanadwale, bambo analonjeza. Anati, "Tsiku lako lobadwa tidzapita ku Greenwich. Kuli nyumba ya mphepo. Anthu amauluka m'menemo ngati mbalame."

Tsikulo linafika. Kunja kunali mvula. Kunabwera azakhali a Etta, alongo awo a bambo.

"Mlamu, mwavala jekete. Ulendo wakuti?" anafunsa azakhali.

"Ndikukaulutsa mwana," anayankha amayi.

"Mkazi wamasiye kumasewera? Anthu anena chiyani?"

"Anthu ake ati? Aja anatimalizira tiyi aja? Analonjeza ndi mlongo wanu. Tiyeni, kapena tsalani."

Azakhali anang'ung'udza. Koma anatenga ambulera.

Anakwera sitima. Mvula inkangoyenderera pawindo.

Nyumba ya mphepo inali yaphokoso. Pakati panali chipinda cha galasi. Chinali chachitali ngati botolo lalikulu. Mphepo inkachokera pansi. Wuuu! Wuuu!

Wophunzitsa kuuluka anali a Bwalya, a ku Zambia. Anapatsa Chiyamiko ovololo. Anamupatsa magalasi. Anamupatsa chipewa cholimba.

"Bwela, kamwana. Usayope," anatero a Bwalya.

Chiyamiko anaima pakhomo la galasi. Anabwerera m'mbuyo.

"Sindilowa," anatero. "Adadi anati adzayamba ndi iwo."

Amayi anayang'ana mphepo. Anayang'ana mwana.

"Ndiyamba ndine," anatero amayi. "Achimwene, ndipatseni chipewacho."

"Koma duku muchotse, amayi," anatero a Bwalya. "Chipewa sichingalowe."

Azakhali anadzuka pampando. "Mlamu! Nthawi yovula zakuda sinakwane!"

Amayi anamasula duku. Analiika m'manja mwa azakhali.

"Ndigwirireni," anatero. "Mwamuna wanga sali m'nsalu umu."

Amayi analowa. Anagona chafufumimba pamphepo. A Bwalya anawagwira m'chiuno. Mphepo inawanyamula. Mwendo uku, mwendo uko! Mphepo inakoka masaya awo. Mano onse anaonekera.

Chiyamiko anagunditsa mphuno pagalasi.

"Azakhali, onani! Amami akuseka!"

"Si kuseka kumeneko," anatero azakhali. "Ndi mphepo chabe."

Amayi anatuluka. Masaya anabwerera m'malo mwake. Kuseka kuja kunalibe. Azakhali ananena zoona. Chiyamiko anachotsa mphuno pagalasi.

"Waona? Sindinafe," anatero amayi. "Lowa."

Chiyamiko analowa. A Bwalya anamugwira dzanja. Mphepo inamunyamula. Wuuu! Mapazi sanagundenso pansi. Anakwera. Anatsika. Anakweranso. Masaya ake ankangoti pha pha pha, ngati zovala pachingwe.

Kenako anayang'ana kunja kwa galasi.

Amayi anali atagwira pamimba. Mapewa awo ankagwedezeka. Misozi inkatsika. Mano onse ankaonekera.

Kunjako kunalibe mphepo.

Chiyamiko anatuluka akuthamanga. "Amami, mwaseka! Ndakuonani!"

"Ndani sangaseke?" anatero amayi. "Masaya akowo! Ngati a bambo ako akamauzira phala."

Azakhali anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awonso ankagwedezeka.

"Eetu," anatero azakhali. "Masaya amenewo ndi a kwathu."

Azakhali anatambasula duku lija. Anamanga okha kumutu kwa amayi. Anamanga bwinobwino, mosakoka.

Anakweranso sitima. Mvula inali isanasiye. Mpando wina pambali pawo unali wopanda munthu. Onse atatu anauona.

Chiyamiko anatsamira amayi. Anafufumitsa masaya. Anauzira duku lakuda lija. Fuuu!

"Mwana iwe, ndiwe wovuta," anatero amayi.

Ndipo anasekanso.