Jenereta ya Dyton

Anakumana pa siteshoni ya minibasi ku Mtendere, chaka chomwe kwacha inkagwa tsiku ndi tsiku ndipo magetsi ankangobwera kudzapereka moni. Marjory anali atakumbatira laputopu yothima. Dyton, mnyamata wobwereketsa jenereta pa maukwati ndi pa maliro, anamuyang'ana kamodzi n'kuyamba kuthira shuga.

"Ba sisi, nkhope yabwino so, yakwinyika chani?"

"Malaiti. Nchito yanga yaima."

"Kuyambila lelo, malaiti yanu ni ine."

Marjory anali katswiri wa sayansi ndi masamu ku yunivesite, koma masamu sateteza mtima. Anagwa m'chikondi mpaka m'khosi.

Ntchito yake inali yofufuza tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa mesoni. Kamesoni kamasanduka kanzake kosemphana nako, kenako n'kubwereranso, koma mbali ziwirizi sizilingana ndendende. Marjory ndi anzake a ku Ulaya ankayeza kusiyanako, kuti aone ngati kukuposa zimene sayansi ikudziwa kale. Dyton sankamvapo kanthu, koma mameseji ankawatha.

"Kamesoni kanga," ankalemba motero, "ine sinisanduka. Nili wako chabe."

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi mwambo wawo. Yankho amaliphimba mpaka atayesa zonse, kuopa kudzinamiza, ndipo tsiku lovundukula onse amaonera pamodzi pa intaneti. Wovundukula anali Marjory. Akanalephera, mwayi wokapitiriza maphunziro kunja ukanapita kwa wina.

"Jenereta izafika kuseni, switi. Nalumbila," anatero Dyton usiku woti mawa lake ndi tsikulo.

M'mawa unadutsa, magetsi zii, foni ya Dyton yotseka. Kodi wadwala? Kodi wachita ngozi? Nthawi itatsala pang'ono, Marjory ananyamula laputopu n'kuthamangira kwawo kwa Dyton ku Kalingalinga.

Jenereta anaimva ali patali, ikulira bwinobwino. Pabwalo panali masipika, ng'oma, ndi amayi atasenza mbale zokutidwa m'zitenje. Chinali chilanga mulilo, mwambo umene abale a mkwatibwi amabweretsa zakudya kwa mkwati. Pampando wapakati panakhala Dyton, atavala suti, akusambitsidwa m'manja.

Mtima wa Marjory unasweka. Misozi inatsika, sitingabise. Koma atayang'ana wotchi, anaipukuta ndi chikhatho.

Anadutsa pakati pa amayiwo, anazula chingwe cha masipika, n'kulowetsa cha laputopu. Nyimbo zinaduka. Ng'oma nazo zinasiya zokha.

Dyton anabwera akuthamanga. "Switi, nizakufotokozela..."

"Soketi yako ni yolema. Gwila apa, isachoke."

Mkwati anagwada pafumbi ndi suti yake, atagwira chingwe. Akanakana bwanji, apongozi onse akumuyang'ana?

Nkhope za anzake zinatulukira pa laputopu. Marjory anafotokoza ntchito yake mawu osagwedera ngakhale pang'ono, kenako anavundukula yankho. Kusiyana kuja kunaoneka kokulirapo kuposa mmene ankayembekezera. Kunali kochepa moti sakanalengeza kuti apeza chatsopano, koma kokwanira kuimiritsa pulofesa wokalamba pampando wake.

"Ntchito yaukhondo imeneyi," anatero pulofesayo m'Chingelezi. "Konza pasipoti, tikufuna udzaipitirize kuno."

A ku Ulaya anawomba m'manja. Amayi a pabwalo, osadziwa n'komwe chomwe chachitika, anangoona mwana wamkazi wapambana, ndipo nthungululu inaphulika yoposa ya mkwati.

Marjory anatseka laputopu, chimwemwe chikulimbana ndi ululu m'chifuwa, koma chimwemwe n'chimene chinali pamwamba. Azakhali a mkwatibwi, mayi wamkulu wa duku lofiira, anamugwira mkono.

"Mwanangu, wacita bwino. Koma ndiwe ndani pa nyumba pano?"

Marjory anayang'ana Dyton, yemwe anali chigwadire, chingwe chili m'manja.

"Funsani apongozi anu aba, amai. Ine nenze nabwelela chabe malaiti."