Lumbiro la Marlúcia pa Moto wa Héstia

Pakhomo pa mchimwene wanga Jurandir, ku Barreiro mu mzinda wa Belo Horizonte, panali mtendere. Iye ankakonza mafiriji, mkazi wake Zuleide ankasoka madiresi, ndipo kuseri kwa nyumba anamanga kachipinda kamatabwa ka Héstia, mulungu wamkazi wa moto wapakhomo amene ife timapembedza. Tinalipo mabanja ochepa otsata milungu yakale ya Agiriki. Mwezi ukaoneka tinkasonkhana pomwepo, kuthira mafuta ndi vinyo pamoto, ine nkumatsogolera mapemphero, kenako tinkamwa khofi ndi timabanzi ta tchizi. Aneba opemphera kumatchalitchi ankatijeda, koma firiji ikafa ankathamangira kwa Jurandir yemweyo, iye nkuwakonzera akuseka.

M'nyumbamo munakulira atsikana awiri, Marlúcia ndi mng'ono wake Tainá. Sanagonepo ndi njala, sanamenyedwepo. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzati Marlúcia analakwa chifukwa chosowa omulangiza. Analangizidwa mpaka pakamwa pathu panauma.

Zinayamba pamene chibwenzi cha Marlúcia chinatha. Mnyamatayo, Wanderson, anamusiya nkukakwatira mtsikana wakuntchito kwake. Marlúcia sanalire. Anangouma nkhope ngati mwala, ndipo Lamlungu lina tikudya mpunga ndi nyemba anaika foloko pansi.

"Ndikufuna kulumbira kwa Héstia. Moyo wanga wonse sindidzagonanso ndi mwamuna."

Amayi ake anamuyang'ana. "Ukulumbira kwa Héstia kapena kwa Wanderson?"

"Amayi, musanditchulire galu ameneyo!"

"Wamva mmene wakuwiramo? Munthu wopereka thupi lake kwa mulungu sakuwa choncho."

Jurandir analankhula mofatsa monga mwa chikhalidwe chake. "Mwana wanga, chipembedzo chathu sichilamula zimenezi. Palibe wakupempha. Ine ndi amakowa timasunga moto womwewu, ndipo inu awiri simunagwe kumwamba."

Tainá anaseka mpaka kutsamwa. Marlúcia anatembenukira kwa ine, poganiza kuti ndimuikira kumbuyo.

Ndinamuuza zoona. Lumbiro limenelo lilipo, ndipo ndi lolemekezeka. Ndikudziwa mayi wina ku Ouro Preto amene analichita atalingalira zaka zambiri, ndipo walisunga mwakachetechete mpaka imvi. "Iwenso yesa kaye," ndinatero. "Dzisunge chaka chimodzi osauza munthu aliyense. Mkwiyowu ukatha, mtima ukadzakhala ukufunabe, ine ndemwe ndidzakugwira dzanja pamoto."

"Osauza munthu? Ndiye phindu lake nchiyani, azakhali?"

Funso limenelo linaulula zonse zimene zinali mumtima mwake.

Pa msonkhano wotsatira, ndili pakati pa pemphero, ndinangoona Marlúcia watulukira atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatambasula manja pamwamba pa moto nkulumbira mokweza, mawu amene sabwezeka. Zuleide anagwira pakamwa. Ine ndinapsa mtima, koma lumbiro likatuluka pamaso pa moto simungalibwezere m'kamwa mwa mwini wake. Pakona panaima Dirceu, mwamuna wa Neide wa m'gulu lathu lomweli, wojambula zithunzi za maukwati. Foni yake inali m'mwamba, akujambula kanema. Anali atapangana kale ndi Marlúcia.

Kanemayo anafalikira ngati moto wa m'tchire. Anthu a ku São Paulo, a ku Recife, anthu oti sanaponde n'komwe pakhomo pathu, anayamba kumutcha Namwali wa Moto. Dirceu ankabwera kawirikawiri kudzajambula kanema wina. Marlúcia anatenga kiyi wa kachipinda kaja nkumuvala m'khosi. Mbale anasiya kutsuka, ati manja ake ndi opatulika.

Kenako Tainá anatenga mimba ya bwenzi lake, mnyamata wabwino woperekera katundu panjinga yamoto, ndipo ankakonzekera ukwati. Tsiku lina anapita kukathira mafuta pamoto kuthokoza. Marlúcia anaima pakhomo.

"Bwerera. Usadetse malo ano."

"Achemwali, mwayamba misala? Ndakulira m'kachipinda kameneka!"

"Unakuliramo uli woyera. Pano ukununkha mwamuna."

Zuleide anatuluka ndi sizasi m'manja. "Lamulo limenelo walitenga kuti? Héstia ndi mulungu wa banja, wa ana, wa mphika pamoto! Iwe wandipeza ndikumupembedza ndili ndi mimba yako yomwe!"

"Nthawi imeneyo munalibe wansembe weniweni," anatero Marlúcia, nakhoma chitseko.

Tainá analongedza zovala zake akulira nkukakhala kwa apongozi ake. Jurandir, poopa phokoso, anangoti zitha zokha. Sizinathe.

Za Dirceu tinazimva bwino pambuyo pake, kuchokera pakamwa pa Marlúcia mwini. Ankamutenga pagalimoto kupita kumapiri, ati kumeneko kuwala kwa dzuwa nkwabwino pojambula. Poyamba ankangomuyamikira.

"Thupi ngati ili kulitsekera m'nsalu yoyera? Ngakhale milungu ikudandaula."

"Usandiyese, Dirceu. Ndinalumbira."

"Unalumbira m'kachipinda kamatabwa ku Barreiro. Héstia satuluka m'nyumba, iwenso ukudziwa. M'galimoto muno alowa bwanji?"

Marlúcia anaseka. Kuseka kumeneko ndiko kunamugwetsa.

"Ndiponso wamvapo mbiri ya Zeus, mfumu ya milungu, ndi zibwenzi zake?" anapitiriza njokayo. "Kumwambako palibe amene angakuloze chala. Lumbiro ndi la mzimu, mtsikana iwe. Thupi ndi lako."

"Nanga Neide?"

"Neide ndi mlongo wanga chabe masiku ano. Timangogawana denga."

Bodza lakale ngati dziko, koma limagwirabe anthu. Kuyambira pamenepo, masana Marlúcia ankagona ndi mwamuna wa mwini, madzulo nkumajambulitsa akanema olangiza atsikana za kudzisunga.

Ine ndinawaona. Ndikutsika basi pafupi ndi msika, ndinaona galimoto ya Dirceu itaima pansi pa mtengo, Marlúcia akukonza mpango wake woyera pagalasi, dzanja la mwamunayo lili pakhosi pake. Tsiku lomwelo ndinamukokera kukhitchini.

"Ndakuona. Sindikufunsa, ndikukuuza."

"Mwaona chiyani? Maso anu akalamba."

"Tamvera, mwana wa mchimwene wanga. Ngati lumbiro lakulemera, tiye pamoto ukanene poyera kuti walephera. Tidzapereka nsembe, udzachita manyazi sabata imodzi, basi. Kufooka kumakhululukidwa. Koma kuima pamaso pa mulungu ndi bodza m'kamwa, kuthamangitsa mng'ono wako, kuba mwamuna wa Neide amene amakuphikira keke pa tsiku lako lobadwa, zimenezo sizipita pachabe."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Nsanje, azakhali. Mwatsogolera mapemphero zaka zonsezi, akukudziwani ndani? Ine dziko lonse likundidziwa."

Ndinauza amayi ake. Zuleide atamufunsa, Marlúcia analumbiranso, ulendo uno pa moyo wa bambo ake, kuti ndikunama.

Mwezi wa Juni, nthawi yozizira, youma ndi yamphepo, timachita chikondwerero chachikulu cha moto. Tsiku limenelo timakoleza moto wa nkhuni m'mbale yaikulu yachitsulo kuyambira m'mawa, ndipo wousunga sachoka pamenepo mpaka anthu atasonkhana madzulo. Marlúcia anakana kuti wina amuthandize. Anauza aliyense kuti adzitsekera m'kachipinda kaja tsiku lonse kupemphera, wina asagogode. Tainá anabwera m'mawa kudzathandiza amayi ake kuphika, mimba ili patsogolo, koma kuseriko sanayandikireko.

Masana foni ya Marlúcia inalira. Dirceu anali pa ngodya ya msewu. Mtsikanayo anaunjika nkhuni m'mbale muja, nathira mafuta botolo lonse kuti moto usazime iye kulibe. Anakhoma chitseko, nazemba kudzera kampata ka kuseri.

Ine ndinali m'khitchini pamene Tainá anakuwa. Titatuluka, utsi wakuda unali ukufuka m'mipata ya matabwa, nsalu zokongoletsa m'katimo zitagwira kale.

"Marlúcia! Marlúcia ali m'katimo!" Zuleide anakuwa mpaka mawu kusweka.

Jurandir sanafunse kanthu. Anamenya chitseko ndi phewa, chinakana. Anagwira chogwirira chachitsulo chofiira ndi moto ndi manja ake awiri, nachikoka mpaka loko anathyoka. Analowa. Tinkamumva akuitana mwana wake m'kati mwa malawi, akufufuza pansi ndi manja, akugubuduza matabwa oyaka. Aneba aja amene ankatijeda ndiwo anabwera ndi ndowa ndi mapaipi, ndipo awiri a iwo anamukoka denga litatsala pang'ono kugwa. Ankalimbana nawo kuti abwereremo.

"Mwana wanga! Ndisiyeni, mwana wanga akupsa!"

Ambulansi itangonyamuka naye, Marlúcia anatulukira pageti, diresi lake loyera lopanda ngakhale kadontho ka mwaye. Amayi ake anagwa pansi poona kuti ali moyo. Kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Unali kuti?"

Apa ndi pamene magazi anga amawira mpaka lero. Mtsikanayo anayang'ana phulusa, anayang'ana anthu, nkuloza mng'ono wake.

"Ndinapita kukagula mafuta. Koma ndinakuuzani kuti uyu asamabwere pano! Héstia wakwiya chifukwa cha mimba yakeyo!"

Amene anayankha ndi Neide. Anali atangofika ndi mbale ya chakudya cha chikondwerero, ndipo anaiika pansi mosamala ngati munthu woti waganiza kale zochita.

"Mafuta amagulitsa kunyumba yogona alendo ya m'mbali mwa msewu waukulu? Ndakhala ndikukutsatirani mwezi wonse, Namwali wa Moto. Lero ndinaima kutsidya kwa msewu mpaka mwatuluka. Ndimati ndidikire chikondwerero chithe, koma poti wayamba kunamizira mwana wosabadwa, imva pano pomwe, hule wovala zoyera iwe!"

Dirceu anali atafika pambuyo pake, akunamizira kudabwa. Anthu atamutembenukira anakweza manja.

"Ine ndi mwamuna, abale. Amandikakamiza ndi iyeyu. Ndimuuze chiyani munthu wamkulu?"

Ndinamulavulira kumaso. Sindinachitepo zotero kwa munthu, ndipo sindikupepesa.

Zuleide sanamenye mwana wake. Anangomuyandikira nkunena motsitsa, koma tonse tinamva. "Bambo ako alowa m'moto kukakufuna. Amakhulupirira kuti uli m'katimo chifukwa iwe unanena kuti uli m'katimo."

Jurandir anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Moyo anapulumuka, koma zala zake zinakwinyika, sizipindikanso. Munthu amene ankamasula tizitsulo ting'onoting'ono ta firiji osayang'ana n'komwe, lero batani la malaya limamukanika. Ntchito inathera pomwepo. Zuleide amasoka mpaka maso kufiira kuti pakhomo padyedwe.

Gulu lathu linabalalika. Mabanja ena anachita manyazi, ena anatopa ndi kusekedwa mumsewu. Neide anathetsa banja nkubwerera kwawo ku Montes Claros. Dirceu anasamukira ku Goiânia, ndipo ndikumva akujambulabe maukwati, akumwetulira akwatibwi. Anthu a pafoni aja amene ankamutamanda Marlúcia ndi omwewo anamung'amba ngati agalu olimbirana fupa, kenako anamuiwala nkupeza wina.

Marlúcia anathawira kwa mnzake, osapita kuchipatala ngakhale kamodzi. Anabwera bambo ake atatuluka m'chipatala, iye ataonda, atavala malaya wamba. Anawapeza pakhonde akulimbana ndi supuni, msuzi ukutayikira pachifuwa. Anagwada, natenga supuniyo.

"Ababa, ndine ndinayatsa. Ndinanama. Tainá sanalakwe chilichonse."

Jurandir anamuyang'ana. "Ndikanalowamonso," anatero. "Ngakhale lero ndikanalowamo. Chimene chimandiwawa si manjawa. Unalumbira pa moyo wanga kuti azakhali ako akunama."

Anatsegula pakamwa, mwana wake namudyetsa. Amawadyetsa mpaka pano, amawasambitsa, amawamanga mabatani. Mchimwene wanga anakhululuka chifukwa ndi mmene alili. Tainá sanatero. Mwana wake akuyenda tsopano, koma Marlúcia sanamunyamulepo, ndipo akalowa pakhomo, Tainá amatenga mwanayo nkutuluka. Ine sindimuuza kuti asinthe.

Tsono inu achinyamata amene mumabwera kwa ine maso akuwala, kuti mukufuna kulumbira zodzisunga moyo wonse, imvani. Mulungu aliyense amene mumapembedza, lumbiro si chovala chodzikongoletsera, si ndodo yokwapulira amene anakusiyani, si mpando wokwerapo kuti muzipondereza abale anu. Ngati simungathe kulisunga popanda wokuonani, musalitchule. Ngati mwalitchula ndipo lakulemerani, nenani msanga dzuwa likuswa mtengo, manyazi sapha munthu. Koma mukaphimba chilakolako ndi nsalu yoyera, dziwani kuti bodzalo lidzapsereza munthu, ndipo kawirikawiri sakhala inuyo. Amakhala amene amakukondani kwambiri, amene anakhulupirira mawu anu.