Ola Limodzi pa Padang Besar

Tsiku limene Chanida anayamba ntchito pa sitima ya anthu olemera yochoka ku Bangkok kupita ku Singapore, anangoti kakasi pakhomo la bogi yodyeramo. Matabwa a m'makoma ankanyezimira ngati awapaka uchi. Koma chimene chinamukopa kwambiri chinali mawotchi awiri amkuwa opachikidwa moyandikana. Ina inkati naini koloko, inzake teni.

Mwamuna wina anali pamakwerero, akupukuta imodzi.

"Achimwene, yowonongeka ndi iti?" anafunsa Chanida.

"Palibe, chemwali. Iyi ndi ya kwanu ku Thailand, iyo ndi ya kwathu ku Malaysia. Ife timadzuka inu mukuliza mkonono."

"N'chifukwa chake mwakalamba msanga," anatero Chanida.

Mwamunayo anaseka mpaka makwerero kugwedezeka. Dzina lake anali Boon Keat, wa ku Penang, wokonza mawotchi a sitima monga ankachitira agogo ake.

Chanida anali munthu wa mafunso. Kodi kale ankakwera ndani? Ankadya chiyani? Boon Keat ankamufotokozera zimene anamva kwa agogo akewo: amuna ovala masuti pongopita kukadya, amayi oyenda ndi mabokosi a zipewa zokhazokha, woyimba piyano amene sankaphonya ngakhale sitima ikukhota. Pofika nyengo ya mvula, "achimwene" ndi "chemwali" zinali zitatha.

"Duwa langa," unkatero uthenga wa pafoni wochokera kwa Boon Keat, "mwadutsa tawuni ya Hat Yai? Ine wotchi ndakonza zambiri, koma ya mumtimamu waisokoneza ndiwe."

Tsiku lina Boon Keat anamupempha ukwati, koma anakana kumva yankho pomwepo. Anati achite ngati akale, amene ankalonjezana popanda foni.

"Loweruka uli pa tchuthi. Ngati wandilola, ubwere pa siteshoni ya kumalire, Padang Besar, folo koloko. Mafoni tizimitse. Ukapanda kubwera, ndidzamva."

Loweruka Chanida anavala diresi lake la silika. Anadikira pabenchi mphindi makumi anayi, maso ali kuchipata. Kodi si Boon Keat amene amadziwa nthawi kuposa aliyense? Sitima yobwerera ku Hat Yai italiza belu, anakwera misozi ili chuchuchu.

Madzulo atayatsa foni anapeza uthenga: "Yankho ndalimva. Ukhale bwino." Munthu osabwera, kenako n'kumunyoza chonchi? Sanayankhe.

Panapita milungu itatu. M'mawa wina ku Bangkok, alendo asanakwere, Chanida analowa ndi maluwa m'bogi yodyeramo n'kumupeza Boon Keat pamakwerero omwe aja, atawonda.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero Boon Keat osamuyang'ana.

"Lero ndine mayi? Munandisiya pabenchi ngati katundu wopanda mwini."

Boon Keat anatsika pang'onopang'ono. Ananena kuti iye anafika folo ikungokwana, mphete ili m'thumba, ndipo anakhala mpaka ogulitsa mpunga wa nkhuku atatseka.

"Folo ya wotchi iti?" anafunsa Chanida.

"Ya kwanu. Mkamwini amatsata za kwa mkazi. Ndinabweza wotchi yanga ndi ola limodzi ndisanachoke ku Penang."

Chanida anayika maluwa patebulo. Iye anali atapititsa yake patsogolo, poganiza kuti siteshoniyo ili m'dziko la mwamuna, ndipo mkazi wokwatiwa ayenera kuphunzira nthawi ya kwa apongozi. Anachoka kutatsala mphindi makumi awiri kuti mnzakeyo afike.

Onse awiri anakweza maso n'kuyang'ana kukhoma.

"Wokonza mawotchi wa mtundu wanji iwe?" anatero Chanida, akuseka uku akulira.

Boon Keat anapisa m'thumba la malaya. Mphete ija anali asanaichotsemo. Asanagwade, anakweranso makwerero n'kutembenuza muvi wa wotchi ya Malaysia mpaka inafanana ndi inzake.

"Ndifunsa pano, kuti pasakhalenso za ola la ndani."

Mkulu wa operekera zakudya atalowa anaona mawotchi, anaona mphete pa chala cha Chanida, n'kutsokomola.

"Zabwino zonse, ana inu. Koma alendo akwera pakatha mphindi khumi. Bwezerani Malaysia ola lake."