Amene Galu Amamumvera

Anakumana pokwerera minibasi, kumapeto kwa msewu wa mitengo italiitali, kumene nyumba zimabisala kuseri kwa mipanda ndipo woyenda pansi amaoneka ngati wasochera. Mnyamatayo, amene anali atangomaliza maphunziro a zaumoyo wa ziweto, ankayenda m'nyumbazo kubaya agalu katemera. Mvula itayamba kuwaza, mtsikana wina wa diresi lotuwa anamusendezera ambulera.

"Lowani, adokotala, chikwama chinganyowe. Sindilipiritsa ayi."

Mnyamatayo analowa mu ambuleramo mwamanyazi. Komabe minibasi isanafike, anali atapatsana manambala.

"Ndimalera mwana m'nyumba ina konkuno," anatero mtsikanayo tsiku lina. "Abwana ndi ovuta. Usadzayerekeze kundifunafuna pageti."

Chikondi chawo chinakulira pafoni ndi pabenchi la kuseri kwa sitolo.

"Wadya, mtima wanga? Usagone ndi njala poganiza za ine."

"Duwa langa, kodi udzatuluka liti m'mpandamo?"

"Ndipirire pang'ono. Ndikangotuluka, ndine wako mpaka imfa."

Chifukwa cha lonjezo limeneli, mnyamatayo anakana ntchito yoyang'anira chipatala cha ziweto ku dera lakutali. Mlongo wake atamva anagwira pakamwa.

"Achimwene, mwataya mwayi wotere chifukwa cha munthu amene ngakhale kwawo simukudziwa? Anakudyetsani chiyani?"

"Ukadzamuona udzamvetsa," anayankha motsitsa mawu. Koma mumtima funsolo linamukhala ngati munga. Nanga n'chifukwa chiyani wokondedwa wake sankayankha foni Loweruka ndi Lamlungu?

M'mawa wina a ku ofesi anamutuma ku nyumba imene anali asanafikeko. Mlonda anamutsegulira, ndipo mwini nyumba, bambo wa imvi zapatalipatali ndi nkhope yansangala, anamulondolera kukhola. M'katimo munali chigalu chakuda chikulumphalumpha.

"Bwana, galu wamkulu chotere sitimubaya popanda womugwira amene iye amamumvera. Mundigwirire."

"Ine? Angandimalize ameneyu!" anaseka bamboyo. "Ndimakhalitsa kunja pa ntchito, ndiye amandiyesa mlendo. Amamvera mkazi wanga yekha. Amake mwana, tabwerani kuno!"

Chitseko cha galasi chinatseguka. Anatuluka mayi wovala mkanjo wonyezimira, mphete ikuwala pachala. Anali iye! Anaima pang'ono ngati waponda moto, kenaka anayenda mwaulemu kudzafika pakhola.

"Mwadzuka bwanji, adokotala?"

"Ndadzuka bwino, mayi."

Mayiyo anagwada, nakumbatira mutu wa galu pachifuwa pake, akumusisita ndi kumunong'oneza kuti asaope, sizipweteka. Chigalu chija chinafatsa, n'kutsinzina. Mnyamatayo anachiyang'ana ndipo anachimvetsa. Ndani sangafatse m'manja amenewo? Ndani sangakhulupirire mawu ofewa chotero?

Anatsina chikopa cha pakhosi, nalowetsa singano. Zala zawo zinatsala pang'ono kukhudzana, koma mayiyo sanadzutse maso. Dontho limodzi linagwera paubweya wa galu, ndipo sizinadziwike kuti lachokera m'diso la yani.

"Mwana wanga, dzanja likunjenjemeratu," anatero bamboyo mokoma mtima. "Dokotala wathunthu kuopa galu?"

Mnyamatayo anatseka chikwama chake pang'onopang'ono, naimirira.

"Galu sindimuopa, bwana. Iyeyu amayamba wauwa asanalume."