Voti Inathera Pamasitepe

Anthu ankalisirira banja lija. Mwamunayo, yemwe anzake ankangomuitana kuti Injiniya, analemba pulogalamu, imene akatswiri amaitcha laibulale ya makodi, yothandiza mafoni kuwerengera mokweza anthu osaona. Anaiika poyera pa intaneti kuti aliyense aitenge mwaulere ndi kuikonza. Mkazi wake ndiye ankasonkhanitsa oigwiritsa ntchito m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya mabuku, kuti amve madandaulo awo. Awiriwa ankagwira ntchito patebulo limodzi, kuseka mpaka mwana kudzuka.

Zinthu zinayamba kusasa pamene anthuwo anapempha kuti kusintha kulikonse kwakukulu kuzidutsa m'voti yawo. Wolankhula kwambiri anali mphunzitsi wina wosaona, yemwe ankapangira ophunzira ake mapulogalamu.

"Achimwene, laibulale yanuyi ikayamba kulankhula siimitsika," anatero. "Ili ngati apongozi anga. Tiloleni tiziidula pakamwa."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, mkazi uja naye. Povota, mkaziyo ndi anthu ambiri anagwirizana ndi mphunzitsiyo, ndipo Injiniya anagonja.

Nsanje ikalowa mumtima siifuna umboni, imangofuna woikoleza. Woikolezayo anali mchemwali wake wa Injiniya.

"Achimwene, alamu ndimawaona pasiteji ya basi atagwirana mkono ndi bambo wa magalasi akuda uja. Ine sindinanene kanthu ayi."

Tsiku limenelo m'nyumba munavuta.

"Wandilanda ntchito yanga n'kupatsa chibwenzi chako!"

"Bambo a mwana, munthuyo saona! Ndizimuwolotsa msewu ndi chiyani, phazi?"

"Nanga voti ija?"

"Laibulaleyo munaipereka kwa anthu ndi manja anu. Mumafuna azingokuwomberani m'manja basi?"

Pothawa mikangano, mayiyo anayamba kupita kumisonkhano osatsanzika. Kalanga ine, zimene ankayesa kuti n'kuzimitsa moto ndiye zinali kuuthira mafuta!

Masana ena Injiniya anamutsatira. Anawapeza pamwamba pa masitepe msonkhano utangotha, mayiyo atagwira chigongono cha mphunzitsi, akumuuza poponda.

"Msiye mkazi wanga!"

"Ndi inu achimwene? Mwachita bwino kubwera, timafuna tikufunseni za..."

Sanamalize. Injiniya anamukankha pachifuwa ndi manja onse awiri. Mphunzitsi anakunkhunizika mpaka pansi, mutu n'kumenyetsa pasimenti, ndodo yake yoyera ikugwa pambuyo pake. Anatsirizika asanafike kuchipatala.

Kukhoti, mkazi uja anapereka umboni misozi ili chuchuchu. Mchemwali atafunsidwa chimene anaona, anayankha chapansipansi kuti anangoona anthu akuwoloka msewu. Woweruza anagamula kuti Injiniya akakhale kundende moyo wake wonse.

Ophunzira anatsala opanda mphunzitsi, mwana wopanda bambo. Injiniya anali ndi mtima wopereka ntchito yake kwa anthu, koma analibe mtima wowamvera akayankha. Lero ali m'chitokosi, ndipo palibenso womutsutsa.