Mpando wa Bambo Lazalo

Tsiku la sadaka ya bambo Lazalo, pa komboni ya pulazi ina kuseri kwa Trelawney, amene analipo ndi awa. Mayi Luzia, mkazi wa malemuyo, analipo. Mwana wawo wamkazi Jesinta analipo, ndiye anatunga madzi onse. Che Shaban, mnzawo wa malemu kuyambira ali anyamata osoka fodya, analipo. Mowa samwa iwo, koma anabwera ndi tambala wawo n'kumuzinga okha. Forget woyendetsa thirakitala analipo, anatuta nkhuni popanda womutuma. Amene panalibe ndi Darlington, mwana wachisamba. Ngakhale pa maliro chaka chathacho iyeyo panalibe, anati ntchito yamugwira ku Harare. Manda a bambo ake anakumba ndi ana a eni.

Anafika dzuwa litapendeka, mbale zitatsukidwa kale. Choyamba kumveka chinali kubangula, kenako fumbi, kenako kagalimoto kofiira, kakafupi ngati fulu, kakukwekwesa mimba m'mabampu a msewu wa pulazi. Denga kanalibe. M'katimo munali Darlington ndi mtsikana wake Everjoy, onse awiri atatuwa ndi fumbi mpaka m'zikope.

"Mwanangu, denga wakulanda ndani?" anafunsa Che Shaban.

Darlington anangoseka n'kudina kabatani. Denga lansalu linadzuka kumbuyo lokha, n'kudzifunyulula, n'kuwaphimba. Komboni yonse inafuula. Koma mayi wina wa ku tchalitchi anasuzumira m'kati, n'kuwerenga ndi chala.

"Mipando iwiri basi? Iyitu ndi galimoto ya munthu wopanda abale."

Anthu anaseka, nayenso mwini wake anaseka, koma kuseka kwa pamano chabe. Galimotoyo sinali yake. Wogulitsa magalimoto wina ku Harare anamubwereka kuti aiyese Loweruka ndi Lamulungu, poganiza kuti agula. Ndipo kuiyesa anaiyesadi. Pa chitunda cha Mapinga anangoponda pang'ono, mpando n'kumukankha kumsana, malole n'kutsala ngati aima. Mphepo inkamuomba m'makutu, iye n'kumadzimva kuti tsopano ndi munthu. Atafika pa komboni, pakamwa panangotuluka pokha kuti, "Ndagula."

Tsono mudziwe za bambo Lazalo. Anabwera kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse pa pulazipo anakwera kumbuyo. Pa thirakitala, m'ngolo pamodzi ndi fodya. Pa bhaki, galimoto ya mzungu, kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza, kutsogolo kutakhala galu. Darlington ali wamng'ono anaziona zimenezo, ndipo tsiku lina analonjeza pamaso pa anthu: "Bambo, ndikadzagula galimoto mudzakhala kutsogolo, ndidzakutengani mpaka kwanu." Mawu amenewo bambowo ankawabwereza kwa aliyense, mpaka pa mphasa yomwe anafera.

Chakumadzulo mayi Luzia anamuitanira m'nyumba mwanayo. M'manja mwawo munali kaphukusi. Mmawa wa tsikulo anali atatapa dothi kumutu kwa manda n'kulimanga m'chigamba cha malaya a malemu. Ndiwo mwambo wa ife obwera. Munthu akagona kuchilendo, thupi limatsala, koma dothi lake limapita kwawo kuti mzimu ukapume pakati pa eni ake.

"Awa ndi bambo ako," anatero mayiwo. "Msuweni wako Evans akudikira pokwerera basi ku Mbare, ku Harare, basi ya ku Malawi inyamuka mawa kukacha, ndiye akawafikitse. Uwakhazike pa mpando ngati munthu. Pa mphambano, pa mlatho, pa njanji, uziwauza pamene mwafika, angasokere. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Mipando inali iwiri, anthu atatu. Mayi Luzia anaika kaphukusiko pa miyendo ya Everjoy, mtsikanayo n'kulandira ndi manja awiri, mwaulemu ndithu. Koma atangopitirira mabulugamu a kumalire a pulazi, anakanyamula ndi zala ziwiri.

"Dothi la kumanda pa diresi langa? Kwete, ayi ndithu, Dali. Ima."

Darlington anaima. Anayang'ana kumbuyo, kunalibe munthu. Anatsegula buti, kabuti koti n'thumba la chimanga lomwe silingalowe, n'kukankhira kaphukusi kaja pakati pa jeke ndi nsapato za Everjoy. Anatseka. Sananene kanthu kwa bambo ake, ngakhale pepani. Anadutsa njanji osanena. Anawoloka kamlatho osanena. Zonsezi anadzauza mlongo wake Jesinta yekha patapita nthawi, koma Jesinta m'mimba mwake simukhala kanthu.

Ku Banket anafika kutada. Everjoy anatsika kwa azakhali ake, akudandaula za tsitsi, n'kutenga nsapato zake. Darlington anatseka denga chifukwa kunali kachisanu, n'kunyamuka yekha.

Sanapite patali. Galimoto inayamba kulira. Ting'. Ting'. Ting'. Patsogolo pake panayaka kanyali kofiira, kachithunzi ka munthu womanga lamba. Anadzigwira pachifuwa. Lamba wake anali womanga. Galimoto zimenezi zimamva kulemera. Munthu akakhala pa mpando osamanga lamba, zimalira mpaka amange.

Anayang'ana mpando winawo. Panalibe kanthu. Anaumenya ndi chikhatho. Unali wozizira, ndipo pakati pake panali potibuka.

Ting'. Ting'.

Anakhotera pothira mafuta. Mnyamata wa pampu anabwera akuyasamula, n'kuthira, kenako n'kuwerama pa windo la mbali inayo. Anaomba m'manja pang'ono.

"Maswera sei, sekuru."

Darlington anamuyang'ana. "Ukulonjera ndani?"

"Si madala muli nawowa? Amangitseni lamba, mukoma, simukumva mota ikulira? Ndiponso chipewa chawo chikugunda denga."

Anachoka pamenepo chenji osatenga. Magetsi a Banket anatsalira kumbuyo, kutsogolo mdima wokhawokha ndi mzere woyera wa tala. M'galimotomo munayamba fungo. Silinali la Everjoy ayi. Linali la fodya wa m'balani, utsi wa nkhuni za bulugamu ndi thukuta la ovolosi, fungo limene analidziwa asanadziwe kuyankhula.

Ting'. Ting'. Ting'.

Anaima pambali pa msewu. Anati mumtima, ndi waya chabe, ndimange lambayo kakhale chete. Anatambasula dzanja, n'kukoka lamba wa mpando winawo, n'kumulowetsa. Khetche. Kulira kunatha.

Koma lambayo sanagone pa mpando. Anaima m'malere, atakungika, monga amachitira akadutsa pachifuwa cha munthu. Ndipo ankakwera pang'ono, n'kutsika pang'ono.

Darlington anagwira chiwongolero ndi manja onse, maso pa msewu, n'kuyenda. Mpando uja unalira n'kusendera kumbuyo wokha. Bambo Lazalo anali ndi miyendo yaitali. Kenako pamwamba panamveka kaphokoso, denga n'kuyamba kudzipinda, batani asanalikhudze. Mphepo yozizira inalowa. Nyenyezi zinali mbuu.

"Tili pati?"

Mawuwo anali apansipansi, a munthu amene wangodzuka kumene.

"Ndati tili pati, Dalitoni?"

Dzina lake ankalitchula choncho ndi munthu mmodzi yekha.

"Ta... tapitirira Banket, bambo."

"Banket. Ine ndiye sindinauzidwetu. Njanji ndangoimva m'nthiti. Kunali mdima kumene unandiika kuja, ndipo chitsulo chimanditswanya."

Misozi inayamba kutsika, mphepo n'kumaiumitsira m'masaya.

"N'kabwino kagalimotoka," anapitiriza mawuwo. "Kofewa. Kani kutsogolo kumakhala chonchi. N'chifukwa chake galu uja sankafuna kutsika. N'kako?"

Bodza limene linatuluka losavuta pamaso pa komboni yonse tsopano linakana kutuluka.

"Ayi, bambo. N'kobwereka."

"Oo."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Lamba uja anangokwera kwambiri, n'kutsika pang'onopang'ono.

"Azungu anandikweza kumbuyo, sindinadandaule, sanali ana anga. Ndibwezere kumene wanditenga. Sindingakafike kwathu ngati jeke. Akandifunsa amene wandiperekeza, ndikati ndani?"

"Bambo, chonde. Evans akudikira. Mwakhala kale pa mpando, tiyeni tizipita."

"Ndakhala ndekha. Sunandikhazike ndiwe."

Darlington anaponda mafuta kuti mwina afike ku Mapinga, mwina akaone magetsi a Harare zonsezi zithe. Galimoto imene masana inkasiya malole inayamba kulemera ngati ngolo yodzaza njerwa. Injini inkabangula, liwiro osaoneka. Potsiriza inangoima pakati pa msewu, nyali zili chiyakire. Atangokhotetsa chiwongolero kuloza kumene anachokera, inapepuka.

Ulendo wobwererawo anauyenda pang'onopang'ono, akulira ngati mwana, ndipo tsopano malo onse ankawatchula.

"Bambo, pano ndi pa Banket. Bambo, takhotera msewu wa Trelawney. Bambo, kamlatho kaja. Bambo, njanji."

Lamba yekha ndiye ankapuma.

Atafika pa mabulugamu sanalowere ku komboni. Manja ake okha anakhotetsera m'kanjira ka kumanda, kopita anthu onyamula bokosi pa mapewa. Udzu unkakwapula zitseko. Kagalimotoko kanakwera pa mzere wa chimanga chakale, mimba n'kukhala pa dothi, matayala n'kumazungulira m'malere. Injini inazima. Nyali zinathima.

Khetche.

Lamba anabwerera m'malo mwake, pang'onopang'ono. Mpando unapuma, n'kudzuka pomwe unatibuka paja. Chitseko sichinatseguke. Koma udzu unamveka kuphwanyika, phazi limodzi lolemera, lina lokoka, kuyenda kwa munthu amene thirakitala inamuponda bondo kalekale. Mapaziwo analowa m'mitengo ya kumanda, n'kutha.

Darlington sanatsike. Anakhala pomwepo, manja pa chiwongolero, mame akumugwera.

Anamupeza ndi Che Shaban m'bandakucha, pochokera ku swala, mapemphero awo achisilamu. Anamuyang'ana, anayang'ana mandawo, n'kubwerera ku komboni. Pobweranso anali ndi mayi Luzia, ndipo pambuyo pawo komboni yonse, ena atafunda mabulangete, ena makasu ali pa phewa. Munthu wopezeka kumanda mmawa anthu amadziwa dzina lomupatsa, ndipo ena anali atayamba kale kulinong'ona.

Mayi Luzia anafika pa galimotopo. Anasuzumira pa mpando winawo. Panali timibulu ta dothi lofiira, ndi pansi pomwe, poponda mapazi.

"Bambo ako ali kuti?"

Darlington analoza kumbuyo ndi mutu, maso ali pansi.

"Tsegula."

Anatsegula buti anthu onse akuona. Chigamba chija chinali pambali pa jeke, mfundo ya mayi Luzia ili chimangire monga anaimangira okha. Koma chinali chaphwa, mopanda n'kambulu komwe. Jesinta anathamangira kumutu kwa manda. Kadzenje kamene mayi ake anatapapo dzulo lake kanali katadzaza, pamwamba posalala ngati pozira ndi dzanja.

Mayi Luzia anatola chigambacho, n'kuchikung'untha, n'kuchipinda bwinobwino. Anayang'ana m'kabutimo nthawi yaitali.

"Muno n'galu wa mzungu yemwe sanakweremo," anatero, osakweza mawu.

Galimotoyo anaikoka ndi Forget pa thirakitala, ndipo njira yotulukira inali imodzi, yodutsa pakati pa komboni. Darlington anakhala m'katimo akuwongolera, denga litakana kutseka, nkhope ili poyera. Panalibe woseka. Masana ake anyamata awiri a wogulitsa uja anabwera kudzaitenga, chifukwa foni yake sinkayankhidwa, ndipo anafunsa mokweza pa mpopi kuti kasitomala wawo woyesa galimoto ali kuti. Apo ndi pomwe aliyense anadziwira za kugula kuja. Iye anabwerera ku Harare madzulo, pa lole ya fodya, kumbuyo, pamwamba pa mabelo.

Ena amati ndi mowa. Ena amati mtsikana uja ndiye anataya dothi panjira. Koma mnyamata wa pampu ku Banket mpaka lero amalumbira kuti anaona madala a chipewa cha khaki. Ndipo zimamveka kuti kagalimoto kaja sikanagulidwebe, chifukwa aliyense wokayesa kamamulirira lamba ali yekha.

Tsono zimene zatsala ndi izi. Che Shaban, amene anatsogolera ana a eni kukumba manda, sanamvebe zikomo wa mwana wachisamba. Forget anakoka galimoto ija, sanapatsidwe ngakhale moni wa pa foni. Evans anaima ku Mbare mpaka basi inanyamuka, atasungira malume ake mpando wa pa windo, ndipo palibe anapita kukamupepesa. Mayi Luzia anayesanso kutapa dothi mvula itagwa, koma kumutu kwa manda aja khasu limangodumpha ngati lagunda mwala. Chigamba chija anachiika pa mpando wa malemu m'nyumba, ndipo palibe amene amakhalapo.

Bambo Lazalo akadali ku Trelawney. Mwana wawo anawalonjeza mpando wakutsogolo, ndipo sanawapatsebe.