Chithunzi cha pa Minibasi

Elenala anakanda chithunzicho ndi chivindikiro cha botolo mpaka zala zinatuluka magazi, koma sichinamatuke. Chinali pagalasi lakumbuyo la minibasi ya ku Zomba, imene inkadikira anthu pa Kachulu. Pachithunzipo panali iye mwini, wopanda nsapato, atavala sanza, nkhope ili bii ndi mwaye. Pambali pake panagwada mayi wachizungu akumwetulira, supuni ya phala ili m'manja. Pansi analemba m'Chingerezi kuti ukagula paketi ya ufa wa phalawo wadyetsa mwana wanjala wa mu Afirika.

"Iwe, ukuwononga galasi," anatero kondakitala. Atamuyang'anitsitsa anaseka. "Aa, ndi iwe yemwe? Wadya lero?"

Mzunguyo Elenala sanamuonepo chibadwire. Amene anabwera miyezi itatu m'mbuyomo anali Medson, wojambula wa ku Blantyre. Anamupeza akuthandiza mayi ake, a Falida, kuwamba milamba. Yendani mpaka ku Beira, mpaka ku Joni, simudzalawa mlamba wowambidwa ngati wa a Falida. Ndipo pa Kachulu ngakhale mwana amadziwa kuti pa uvuni savala zabwino, chifukwa utsi sumva sopo. Wovala sanza kwambiri ndiye mwini nsomba zambiri.

Tsikulo Elenala anafuna kukasamba n'kuvala yunifomu, koma Medson anakana. "Uli bwino chomwecho. Ungovula nsapato, ndipo usaseke. Udzaoneka ponseponse." Mawu omalizawo anamukomera, ndipo anavula.

Anaonekadi ponseponse. Kusukulu Veronica, mnzake wa padesiki, anayamba kumutcha Mwana Wanjala, n'kumamuikira nyenyeswa za mandasi m'kope. Kutchalitchi kunkamveka manong'onong'o akuti a Falida amamana mwana wawo chakudya. Tsopano inali sabata yathunthu Elenala osapita kusukulu, mayeso a Sitandade 8 atatsala mwezi umodzi.

"Amayi, nditumizeni kwa azakhali ku Songani," anatero akulira atabwerako ku minibasi kuja.

"Ku Songani kulibe minibasi?"

"Ndiye sukulu ndasiya. M'kalasi muja sindingalowenso."

A Falida anangotembenuza nsomba, maso ali psuu. Sunali utsi wokha.

Loweruka Medson anabweranso. Elenala anamuona kuseri kwa mathandala a matemba ali ndi Veronica, amene anali m'sanza zake zoyanikira nsomba. Veronica anali atawerama, akumasula nsapato, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

Mtima wa Elenala unati musiye, alaweko nayenso. Anaima pomwepo, zala zija zikuluma. Koma ataona phazi la mnzakeyo likuponda matope, miyendo yake inayenda yokha.

"Vero, vala nsapato zako."

"Nsanje basi. Akuti ndidzaoneka ponseponse."

"Inenso anandiuza mawu omwewo." Anamuonetsa zala zake, kenaka anatembenukira kwa Medson. "Achimwene, mzungu uja ndi ndani? Phala lakelo ndinadyera kuti?"

Medson anakanda m'mutu. "Timangomuikapo pa kompyuta. Anthu akaona mwana wakuda wooneka bwino sagula, chemwali. Ndi bizinesi."

"Ndiye mukajambule ana anu," anatero Elenala.

Amayi a pamauvuni anali atawazungulira, onse m'sanza zawo, a Falida ali patsogolo ndi chikuni m'manja. Medson anabweza kamera m'chikwama n'kulunjika kugalimoto yake. Veronica anavala nsapato pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Lolemba m'mawa atsikana awiriwo anatengana kupita kusukulu. Minibasi ija inawapitirira pafumbi, chithunzi chili chimatire, ndipo kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Mwana Wanjala, wadzuka bwanji?"

Elenala anafuna kubwerera, koma Veronica anamugwira dzanja mwamphamvu n'kuyankha mokweza kuti onse a m'galimoto amve.

"Dzina lake ndi Elenala."